Kupatula kukhala amake ujeni, ndine yani? Mafunso ndi mayankho kwa amayi achikhristu

Mafunso ali m'munsimu sindinawapeke. Ndakhala ndikuwamva zaka zambiri kuno ku Mulanje: ku Mvano Lachinayi, ku chilangizo, pa maliro usiku nyimbo zikaduka, ngakhale m'minibasi yochokera ku Limbuli. Ine ndine wa CCAP, choncho zitsanzo zanga zambiri zikuchokera kumeneko, komabe ofunsa ena ndi a Dorika, ena ndi a bungwe la Amayi Achikatolika, ena a mipingo ya Chipentekoste. Mayina ndi midzi ya anthu ndazibisa. Pamene mpingo wanu uli ndi lamulo lake, funsani abusa kapena akulu a mpingo kwanuko.

Tikamati mayi woopa Mulungu, tikunena mayi wotani?

Ambiri akamva mawuwa amaona mayi wofatsa, wogwada popereka madzi, wosayankha mwamuna, wa duku yothina bwino. Zimenezo ndi ulemu, ndipo ulemu ndi wabwino, koma agogo athu amene sanalowepo m'tchalitchi analinso nawo. Kuopa Mulungu n'kukhala podziwa kuti Iye ndiye mwini wako, kuti mawu ake ndiwo omaliza kuposa a mwamuna, a malume, a apongozi kapena a anzako a pamjigo.

N'chifukwa chake m'Baibulo amayi oopa Mulungu safanana. Debora ankaweruza milandu ya fuko lonse. Lidiya anali wa bizinesi ya nsalu zodula. Ana uja wa pa Luka 2 anali wamasiye wokalamba wosachoka ku Kachisi. Azamba awiri a pa Eksodo 1, Sifira ndi Puwa, anakana lamulo la Farao lopha ana, ndipo Malembo akuti anatero chifukwa choopa Mulungu. Apa kuopa Mulungu kunali kukana, osati kuvomera.

Aliyense amandiitana amake Chikondi kapena Mayi Ujeni. Dzina langa linatha. Pamaso pa Mulungu ndine yani?

Funso ili ndiye tsinde la onse otsatirawa, ndiye ndichedwapo.

Tsiku lina ku Mvano tinapempha kuti aliyense atchule dzina lake la ubatizo. Mayi wina wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri anayamba waseka, kenaka anagwira pakamwa. Anati womaliza kumuitana ndi dzinalo anali mayi ake, amene anamwalira nthawi ya Kamuzu. Atalitchula, misozi inatsika. Sanali yekha.

Kutchedwa amake mwana ndi ulemu, ndipo sindikunena kuti tiwutaye. Vuto limabwera pamene mayina onse amene tili nawo ndi obwereka: la mwamuna, la mwana, la udindo wa ku mpingo. Mwamuna akhoza kuchoka. Mwana akhoza kumwalira kapena kupita ku Joni osatumizanso uthenga. Udindo umatha pa chisankho. Mayi amene anamanga moyo wake wonse pa mayina amenewa, akachoka amatsala ngati nyumba yosasuka denga.

Pa Yohane 1:12 akuti onse amene anamulandira Yesu anapatsidwa mphamvu yokhala ana a Mulungu. Ndinu mwana musanakhale mayi. Mayi uja anadwala nthenda yotaya magazi zaka 12, amene mudzi wonse unkamudziwa ndi nthenda yake, Yesu anamuitana kuti mwana wake wamkazi (Marko 5:34). Ndipo pa Luka 11:27-28, mayi wina atafuula kuti yodala ndi mimba imene inamubala, Yesu anayankha kuti odala koposa ndi amene amamva mawu a Mulungu nawasunga. Sanali kunyoza mayi ake. Anali kunena kuti ngakhale Mariya, ulemu wake waukulu unali kumvera Mulungu, kubala kunabwera pambuyo.

Kodi kuvala yunifolomu ya Mvano kapena ya Dorika ndiye kuti ndine mkhristu wokhwima?

Ayi. Bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku yoyera zimanena kuti munalonjeza kutumikira: kuyendera odwala, kutonthoza ofedwa, kulangiza atsikana, kuphunzira Mawu pamodzi. Dzina la Dorika nalonso likuchokera kwa mayi wa pa Machitidwe 9 amene ankasokera amasiye zovala. Yunifolomu ndi chovala cha ntchito, ngati ovolosi ya wa ku fakitale ya tiyi.

Ndiulule: tilipo ena amene timaisita bwino Lachitatu usiku, koma Lachisanu tikudyera miseche mayi amene tinapemphera naye dzulo lake. Aliponso amayi osavala amene ndikakhala nawo ndimadziona wamng'ono. Ngati simunavale chifukwa ukwati wanu sunadalitsidwe kapena mwamuna anakana, musaleke kufika pa mapemphero. Dzina la pa funso lapitalo sililembedwa m'kaundula wa Mvano.

Mayi wa pa Miyambo 31 amandifooketsa. Alipo angafikepo?

Mutu umenewu timauwerenga pa ukwati uliwonse ndi pa tsiku la anakubala, kawirikawiri ngati ndodo yokwapulira amayi. Pali zinthu zitatu zimene olalikira ambiri amadumpha.

Choyamba, ndime 10 mpaka 31 ndi ndakatulo. M'Chiheberi ndime iliyonse imayamba ndi chilembo chotsatira cha alifabeti yawo ya zilembo 22. Ndi nyimbo yotamanda moyo wonse wa munthu, si ndandanda ya ntchito za Lolemba. Kugula munda, kulima mpesa, kusoka, kugulitsa nsalu, kulera ana mpaka akule n'kumutamanda, zonsezi sizichitika sabata imodzi. Chachiwiri, mayiyu anali ndi antchito aakazi (ndime 15). Inu mukusenza nkhuni, kutunga madzi ndi kuphika nokha.

Chachitatu n'chimene chimandikoma. Mawu amene amasulira kuti mkazi wangwiro, m'Chiheberi ndi omwewo amene amanenera ngwazi za nkhondo, ndipo mayi amene Baibulo limamutchula dzina n'kumupatsa mawu amenewa ndi Rute (Rute 3:11). Pa nthawiyo Rute anali wamasiye, wobwera, wopanda mwana, wokunkha m'minda ya eni. Kunena mwa kwathu, anali pa ganyu. Ngati Rute anali wangwiro ali m'munda wa Boazi, mayi wothyola tiyi ku esiteti sali kutali.

Ndimalawirira ku tiyi mbandakucha, ndikabwera ndi ntchito za pakhomo. Nthawi yopemphera ndiipeza kuti?

Miyezi ya dzinja tiyi akaphuka, palibe mayi wa dengu kumsana amene angakhale ola lathunthu ndi Baibulo m'mawa. Malipiro amayendera makilo, ndipo kapitawo sadikira. Mulungu amadziwa zimenezo.

Amayi amene ndawaona akulimba amachita zazing'ono koma tsiku ndi tsiku. Wina amatenga ndime imodzi ya pa ulaliki wa Lamulungu n'kumaibwereza popita ku ntchito sabata yonse. Wina amapempherera mwana mmodzi pa mzere uliwonse wa tiyi, akafika kumapeto wasintha dzina. Wina amayimba nyimbo za m'buku potsuka mbale, ndipo nyimbo zambiri za m'buku ndi mapemphero kale. Amene ali ndi foni amamvetsera Baibulo lowerengedwa pophika.

Za Marita ndi Mariya (Luka 10) musazimve molakwika. Yesu sanadzudzule Marita chifukwa chophika; akanagona ndi njala onse. Anamudzudzula chifukwa cha nkhawa imene inamufikitsa pomuona m'bale wake ngati mdani. Koma Lachinayi kapena Sabata yesetsani kuliteteza. Pemphero la pa mzere wa tiyi limadya zimene munatuta pamodzi ndi anzanu.

Kodi thalauzi, wigi ndi zodzoladzola ndi tchimo?

Mipingo imasiyana, ndipo ngati wanu uli ndi lamulo la kavalidwe ka m'tchalitchi, lilemekezeni. Koma tisasakanize Malembo ndi mbiri ya dziko. Kuyambira 1973 mpaka 1993 linali lamulo la boma kuti mkazi asavale thalauzi kapena siketi yaifupi, ndipo ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti linachokera pa phiri la Sinai. Pa 1 Timoteo 2:9-10 ndi 1 Petro 3:3-4 nkhani ndi ya kudzilemekeza ndi kusadzionetsera chuma. Chitenje cha ndalama zambiri chovalira kuti mnzako achite manyazi chimaphwanya ndime zimenezi kuposa thalauzi ya namwino wokwera njinga kupita ku ntchito.

Baibulo limati akazi agonjere amuna awo. Ndiye ndisamayankhule chilichonse?

Werengani kuyambira Aefeso 5:21, osati 22. Ndime 21 ikuti tizigonjerana wina ndi mnzake chifukwa choopa Khristu. Kenaka mkazi akuuzidwa kugonjera, ndipo mwamuna akuuzidwa kukonda mkazi wake monga Khristu anakondera mpingo n'kuufera. Katundu wa mwamuna ndiye wolemera, kungoti salalikidwa kawirikawiri.

Kugonjera n'kusapikisana, kusanyoza mwamuna pamaso pa ana, kupanga naye zinthu limodzi. Si kutseka pakamwa. Abigayeli (1 Samueli 25) ataona kuti uchitsiru wa mwamuna wake Nabala uphetsa banja lonse, anasenzetsa abulu chakudya n'kukakumana ndi Davide, ndipo Baibulo limamutcha wanzeru. Safira (Machitidwe 5) anavomera bodza la mwamuna wake, ndipo anafunsidwa payekha, nalangidwa payekha. Mwamuna akakuuzani kuti mupite kwa sing'anga, mubise katundu wakuba kapena mukwatitse mwana wamng'ono, yankho ndi la azamba aja a m'funso loyamba.

Kuno kwathu kulinso mbali ina imene sitikonda kuikamba. Mabanja ambiri ndi a chikamwini: malo ndi a mkazi, ana ndi a mbumba ya kuchikazi, ndipo malume ali ndi mawu. Ndamvapo amayi a yunifolomu akuuza mwamuna kuti, «Nyamulani bulangete lanu, pano mpa kwathu.» Mawu amenewo athetsa mabanja ambiri. Munthu wokhala pa malo a eni ndiye wofunika kumulemekeza kwambiri, chifukwa amadziwa kale kuti ndi mlendo.

Amuna anga amandimenya. Alangizi akuti banja ndi kupirira. Ndichite chiyani?

Kupirira n'kwa umphawi, matenda, kusiyana maganizo ndi zofooka za munthu. Si kwa zibakera. Palibe ndime imene imapatsa mwamuna chilolezo chomenya mkazi. Akolose 3:19 akuletsa ngakhale kumuwawira mtima. Thupi lanu ndi kachisi wa Mzimu Woyera musanakhale mkazi wa munthu.

Ngati moyo uli pa chiswe, chokani kaye ndi ana mupite kwa abale. Kuchoka pofuna kupulumuka si kuthetsa ukwati. Mukavulala pitani ku chipatala ndipo nenani zoona, musati ndinagwa pa mjigo. Uzani ankhoswe a mbali zonse ndi abusa. Dziko lino lili ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso choteteza inu ndi ana. Kupita kumeneko si kusakhulupirika kwa Mulungu.

Kwa anzanga alangizi: ndinaperekezapo mayi wina kubwerera kwa mwamuna wake kawiri, ndi mawu omwewa a kupirira. Kachitatu ndinakamuona ali pa bedi la chipatala, nsagwada itamangidwa. Sanandidzudzule, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka. Kuchokera pamenepo funso langa loyamba limakhala lakuti kodi usiku uno mugona kuti.

Ndikulera ana ndekha. Kodi nyumba yanga ndi banja lachikhristu?

Inde. Kaya bambo ali ku Joni, kaya anamwalira, kaya anathawa mimba isanaoneke. Timoteo, amene Paulo anamudalira kuposa ambiri, chikhulupiriro anachitenga kwa agogo ake Loisi ndi mayi ake Yunike (2 Timoteo 1:5). Za bambo ake timangomva kuti anali Mhelene. Hagara anathamangitsidwa ndi mwana m'chipululu, ndipo ndi iye amene anamutcha Mulungu dzina loti Mulungu wondiona (Genesis 16:13).

Musadzikakamize kukhala mayi ndi bambo nthawi imodzi. Mwana wamwamuna amafuna mwamuna wamkulu womuyang'anira, ndipo apa chikhalidwe chathu chimathandiza: malume woopa Mulungu, mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi wa Sande sukulu. Amasiye dziwani kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pa lamulo la 2011 la chuma cha womwalira. Ofesi ya DC imathandiza pa nkhani zotere. Za ndalama onani funso la geni m'munsimu.

Ndilibe mwana, kapena mimba zanga zimangochoka. Kodi Mulungu anandikana?

Sanakukaneni. Sara, Rabeka, Rakele, Hana ndi Elizabeti onse analawa chitonzo chimenechi, ndipo za Elizabeti Luka akunenetsa kuti anali wolungama pamaso pa Mulungu zaka zonse zimene analibe mwana. Kusabereka si chilango.

Sindikulonjezani kuti mudzabereka ngati Hana, chifukwa Mulungu sanandipatse lonjezo limenelo. Chimene ndinganene n'chakuti pitani ku chipatala nonse awiri. Vuto likhoza kukhala kwa mwamuna, ngakhale mudzi umaloza mkazi nthawi zonse, ndipo zina mwa zoyambitsa zake zimachizika. Chenjerani ndi aliyense amene akufuna mbuzi kapena ndalama kuti atsegule mimba, kaya wanyamula nsupa kaya Baibulo.

Ife a mpingo tilinso ndi mlandu. Pa tsiku la anakubala timaimiritsa obereka n'kuwaombera m'manja, wina atakhala pansi akuyang'ana zala zake, pomwe analera ana anayi a mchemwali wake womwalira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe timanena pakamwa pokha.

Sindidziwa kuwerenga bwino. Ana ndiwaphunzitsa bwanji Mawu a Mulungu?

Deuteronomo 6:7 akuti muziwakambira ana mukakhala m'nyumba, poyenda pa njira, pogona ndi podzuka. Sakutchula desiki. Anthu oyamba kumva lamuloli ambiri sankawerenga.

Mwana wa Sitandade 4 akhoza kukuwerengerani, inu n'kumasulira tanthauzo. Iye ali ndi maso, inu muli ndi moyo umene mwadutsamo. Ngati Chinyanja cha Buku Lopatulika chikumulemera, Buku Loyera lili m'Chichewa chapafupi ndi chimene timayankhula. Nkhani za Yosefe, Davide ndi Esitere zikambeni ngati nthano pamoto, potongola chimanga kapena posenda nandolo. Pempherani mokweza kuti amve mukutchula dzina lake kwa Mulungu.

Koma phunziro limene ana saiwala ndi lina. Mukamukalipira mwana molakwa, mupepeseni. Mwana amene anamvapo mayi ake akunena kuti «ndinalakwa, undikhululukire» savutika kumvetsa kulapa akadzakula.

Kwathu ndife Alhomwe. Mwana wamkazi ndimutumize ku chinamwali cha kumudzi kapena ku chilangizo cha mpingo?

Apa amayi amagawanika, ndipo agogo a mwana nthawi zambiri amakhala atasankha kale. Maganizo anga ndi awa. Kukhala mkhristu sikufuna kuti muleke kukhala Mlhomwe kapena Mmang'anja. Chilankhulo, kalongonda, ulemu kwa akulu, kusonkhana ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, palibe cholakwika mwa izo zokha. Anamkungwi akale ankaphunzitsanso zabwino: ukhondo pa nthawi ya kumwezi, kusamala pakhomo, kulemekeza makolo.

Chimene mayi wachikhristu sangavomere ndi kuphunzitsa mwana wa zaka 10 za kuchipinda, ndiponso kumuuza kuti akatuluka akasase fumbi, ndiko kugona ndi mwamuna. Umenewo ndi mlandu wogwirira mwana, ndipo ndi njira ya mimba ndi HIV. Mafumu ambiri anauletsa mwambo umenewu, koma sunatheretu. Musanalole mwana kupita kulikonse, funsani amene akukalangiza ndi zimene akukanena. Ngati akukubisirani inu mayi wake, yankho mwalipeza.

Chilangizo cha mpingo nachonso chisakhale cha «usachite, usachite» basi. Mtsikana amafuna kudziwa thupi lake, mmene mimba imabwerera, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana ngakhale kwa mphunzitsi, malume kapena mtsogoleri wa kwaya. Ndipo mlangizi woyamba ndinu. Ndikudziwa kuti mwambo umati mayi sakamba zotere ndi mwana wake, koma foni ikukamba naye kale.

Mwana wanga watenga mimba ali pa sukulu. Ndine wa Mvano, manyazi andigwira. Nditani?

Choyamba yang'anani kuti manyaziwo ndi a chiyani. Nthawi zambiri si a mwanayo koma a yunifolomu yathu. Amayi ena athamangitsa mwana usiku kapena kumukankhira ku banja pofuna kutchinjiriza dzina lawo, ndipo dzina limenelo si limene Mulungu amatidziwa nalo.

Mupite naye ku sikelo ya amayi oyembekezera msanga, chifukwa mimba ya mtsikana wamng'ono ili ndi zoopsa zake. Musamukwatitse: kuyambira 2015 lamulo la maukwati limati zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Ngati wopereka mimba ndi wamkulu ndipo mwana sanakwane zaka, nkhaniyo ndi ya ku polisi, si ya mbuzi ya chindapusa. Akabereka akhoza kubwerera ku sukulu. Boma limalola, kambiranani ndi ahedi. Za mwambo wa mpingo zisiyireni akulu a mpingo, koma tsiku lokaonekera kwa iwo mukhale naye pambali.

Khanda likudwaladwala. Agogo ake akufuna kulimanga mphinjiri, mnzanga akuti tipite kwa mneneri. Chikhulupiriro chikuti chiyani?

Agogo amachita zimenezo chifukwa cha chikondi ndi mantha, choncho musawanyoze. Auzeni mwaulemu kuti mwanayu munamupereka kwa Mulungu ndipo chingwe cha m'chiuno sichimuonjezera chitetezo. Kenaka chitani zimene zimatetezadi: neti usiku uliwonse, katemera yense wa ku sikelo, bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Liwombo likalowa mwana akutsekula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Mupatseni thanzi ORS ndipo thamangani ku chipatala, musamate mankhwala pamutu. Thupi likatentha kapena akakomoka, musadikire kuche.

Kupemphera ndi kupita ku chipatala si adani. Luka wolemba Uthenga Wabwino anali dokotala. Zipatala za Mulanje Mission ndi Malamulo zinamangidwa ndi anthu opemphera. Mneneri aliyense wokuuzani kuti mutaye ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa mwachira, muthaweni. Taika m'manda anthu amene anamvera aneneri otere, ana awo tikuwalera.

Kodi mayi woopa Mulungu angachite geni ndi kulowa banki m'khonde?

Kwambiri. Onaninso za Miyambo 31 ndi za Lidiya. Kugulitsa nanazi pa msewu, nthochi ku Bvumbwe, kaunjika ku Limbuli kapena mandasi pa sukulu ndi ntchito yolemekezeka. Chikhristu chanu chimaoneka pa mbale yoyezera: osaibowola pansi, osaika tomato wowola pansi pa mulu.

Banki m'khonde yathandiza amayi ambiri kulipira fizi ndi kugula malata. Yawononganso ena. Lamulo langa ndi lakuti ngongole ikhale ya chinthu chobweza ndalama, osati ya chitenje cha ukwati wa mnzanu, ndipo musatenge ku gulu lina kuti mubweze ku lina. Katapila ndiye muthaweni. Musabisire amuna anu ngongole imene tsiku lina idzabweretse amayi khumi pakhomo kudzanyamula mbuzi. Ngati mwamira kale, nenani msanga ku gulu. Wamasiye wa pa 2 Mafumu 4 anathandizidwa atanena poyera kuti wangongole akubwera kudzatenga ana ake.

Ndinawalera m'tchalitchi, koma wina ndi chidakwa, wina sapempheranso. Ndinalakwitsa pati?

Mwina pena munalakwitsa, monga tonse. Koma Miyambo 22:6 ndi mwambi wonena mmene zinthu zimayendera kawirikawiri, si risiti yoti mukabwezere katundu. Samueli anali mneneri, ana ake anali a ziphuphu. Mwana wamkulu ali ndi mtima wake ndipo adzayankha yekha.

Monika, mayi wa ku Africa kuno kumpoto, analirira mwana wake Augustine, amene anadzakhala bishopu wotchuka, zaka zambiri mpaka anabatizidwa mu 387, chaka chomwecho chimene mayiyo anamwalira. Ena samaona n'komwe tsikulo. Pitirizani kupemphera, khomo likhale lotsegula, nsima ikhalepo, koma ndalama ya kachasu musapereke, ndipo musamunamizire kwa anthu amene wawabera.

Masiku ena sindimva chilichonse. Pemphero silituluka, ngakhale khanda langa sindilifuna. Kodi ndataya chikhulupiriro?

Funsoli amayi amafunsa monong'ona, ena onse atachoka. Lachuluka chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola nyumba, minda ndi anthu. Alipo amayi mpaka lero mvula ikayamba kugunda pa malata amadzutsa ana n'kukhala nawo tsonga mpaka m'mawa.

Simunataye chikhulupiriro. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mu mdima, ndipo analisiya m'Baibulo momwemo. Eliya atapempha kufa pansi pa mtengo, mngelo sanamulalikire. Anamupatsa mkate ndi madzi n'kumusiya agonenso (1 Mafumu 19). Aroma 8:26 akuti pamene sitidziwa chopempha, Mzimu amatipempherera ndi kubuula kopanda mawu.

Palinso mbali ya thupi. Mayi akangobereka, kapena akadutsa m'zoopsa, akhoza kudwala matenda a maganizo: kulira kosadziwa chifukwa, kusowa tulo ngakhale khanda litagona, kusafuna kudya, kudziona wopanda pake. Zikapitirira masabata awiri, kauzeni anamwino ku sikelo kapena ku chipatala cha boma. Ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Mukayamba kuganiza zodzipweteka kapena kupweteka mwana, uzani munthu lero lomwe, ndipo musagone nokha.

Mayi wina wa kufupi ndi Muloza amene nyumba yake inapita ndi madzi anatha miyezi inayi osatsegula pakamwa pa mapemphero. Ankabwera Lachinayi lililonse, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Anzake anagawana masiku: wina kumutungira madzi, wina kutenga ana Loweruka kuti agone usana. Pomupempherera sankati amake ujeni, ankatchula dzina lake la ubatizo. Panopa ndi amene amasunga kiyi wa bokosi la banki m'khonde ya gulu lawo, koma mvula ikamagwa usiku sagonabe.